Nyumba yozizira ku England: ndalama za khonsolo, za kampani ya magetsi, kapena za m'thumba mwanu?

Munthu amene anabwera kudzayendera nyumba yathu sanayambire pa boila monga ndinkaganizira. Anaimika makwerero pakanjira kolowera kuzipinda zogona, anakankha kachitseko ka kusiling'i, n'kulowetsa mutu ndi tochi. Atatsika anandionetsa tepi yake yoyezera, chala chake chili pamalo osafika n'komwe masentimita 10. Umenewo ndiwo unali muyezo wa insulation ya kudenga kwathu, zija zooneka ngati thonje zimene amayala pamwamba pa siling'i kuti kutentha kusathawe. Muyezo umene amalimbikitsa masiku ano ndi masentimita 27. Kenako anapempha kuti tisunthe wadiropu ya kuchipinda cha ana. Kuseri kwake khoma linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo pakona panali timadontho takuda ta nguwi timene ine ndinali ndisanationepo.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kufunsa kuti ndi ndondomeko iti imene ikupereka ndalama zambiri. Ndinayamba kufunsa kuti ndi njira iti imene imayamba yaona kaye chimene nyumbayo ikudwala isanapereke mankhwala. Njira zopezera thandizo zilipo zingapo, ndipo pamapepala zonse zimaoneka ngati zikunena chimodzi: nyumba yofunda, bilu yotsika. Kusiyana kwake kuli pa amene akulipira, amene akusankha mmisiri, ndi amene mudzamugogodere zinthu zikalakwika.

Choyamba, dziwani chilembo cha nyumba yanu

Pafupifupi njira zonse zimadalira kapepala kamodzi kotchedwa EPC. Ndi satifiketi yosonyeza mmene nyumba imagwiritsira ntchito mphamvu, ndipo imaika nyumba pa chilembo kuyambira A, yomwe ndi yabwino koposa, mpaka G. Imakhala ndi mphamvu zaka 10, ndipo mukhoza kuiona mwaulere pa webusaiti ya boma polemba positikodi yanu. Pafupifupi theka la nyumba za ku England zili pa D kapena kutsika. Chifukwa chake n'chakuti nyumba zambiri n'zakale. Zimene zinamangidwa zaka za m'ma 1920 zisanafike kawirikawiri zili ndi khoma la njerwa lopanda mpata pakati, ndipo kutentha kumadutsamo mosavuta. Zomangidwa pambuyo pake zambiri zili ndi makoma awiri okhala ndi mpata pakati, umene ukhoza kudzazidwa tsiku limodzi. M'nyumba yopanda insulation, gawo limodzi mwa magawo atatu a kutentha limatulukira m'makoma, ndipo limodzi mwa magawo anayi limatulukira kudenga.

Mukadziwa chilembo chanu ndi mtundu wa khoma lanu, mwadziwa kale zitseko zimene zingakutsegukireni ndi zimene musavutike n'kugogoda.

Njira ya khonsolo

Ndondomeko imene makhonsolo akuyendetsa panopa imatchedwa Warm Homes: Local Grant. Inayamba mu April 2025, ndipo boma linaikapo £500 miliyoni yoti igwire ntchito zaka zitatu, mpaka 2028. Ndalama zimachokera ku boma lalikulu, koma khonsolo ndi imene imalandira mafomu, kutumiza woyendera nyumba, kupeza makontilakitala ndi kuwalipira. Inu simugwira ndalamazo m'manja, ndipo si ngongole.

Kuti muyenerere, nyumba ikhale ya ku England, yanu kapena yochita lendi kwa munthu wamba, ndipo EPC yake ikhale D, E, F kapena G. Ndalama zimene banja lonse limapeza pachaka zisapitirire £36,000. Komabe pali makomo ena awiri: ngati wina m'nyumbamo amalandira thandizo la boma monga Universal Credit kapena Pension Credit, kapena ngati positikodi yanu ili m'madera amene boma linawaika m'gulu la opeza zochepa, mukhoza kulowa ngakhale ndalama zanu zitapitirira malirewo. Khomo la positikodi ambiri salidziwa. Amangomva za £36,000, n'kuwerengera malipiro a mwamuna ndi mkazi pamodzi, basi n'kugwa ulesi. Musadzichotse nokha pamzere. Lembani positikodiyo pa webusaiti ya boma muone.

Malire a ndalama zimene khonsolo ingawonongere nyumba imodzi anaikidwa pa £15,000 ya zotsekera kutentha ndi zina zotsitsa bilu, monga insulation ya kudenga, m'makoma ndi pansi komanso masola, kuphatikiza £15,000 ina ya makina otenthetsera nyumba osawononga mpweya, makamaka heat pump. Izi sizikutanthauza kuti aliyense amalandira £30,000. Woyendera nyumba ndi amene amanena zimene nyumbayo ikufunika, ndipo khonsolo imaona ngati zikukwana m'thumba lake. Boila yatsopano ya gasi simungaipeze kudzera m'njira imeneyi.

Chimene ndimaikondera njirayi ndi dongosolo lake. Ntchito imatsata malamulo otchedwa PAS 2035, amene amafuna kuti nyumba yonse iyang'anidwe ngati chinthu chimodzi: makoma, denga, chinyezi, kayendedwe ka mpweya, ndi anthu amene akukhalamo. Pamakhala woyeza nyumba, komanso wina wogwirizanitsa ntchito yonse amene amasaina kuti zinthu zichitike m'ndondomeko yoyenera. Chinanso n'chakuti khonsolo sisamuka. Kampani ikhoza kutseka lero n'kutsegulanso mawa ndi dzina lina, koma ofesi ya khonsolo ili pomwepo, ili ndi njira yodandaulira, ndipo muli ndi khansala wa dera lanu amene mungamulembere.

Kuipa kwake ndi kuchedwa, ndiponso kuchepa kwa ndalama. Tiyeni tiwerengere tokha: nyumba iliyonse itati itenge £15,000 yokha, £500 miliyoni ingakwanire nyumba pafupifupi 33,000, m'dziko limene nyumba zosafika pa C zili mamiliyoni ambiri. Si khonsolo iliyonse imene inalandira gawo, ndipo zina zimatseka kalembera ndalama za chaka chimenecho zikatha. Pakati pa kulemba fomu ndi kufika kwa amisiri pamatha miyezi. Ifeyo tinadutsa nyengo yozizira yathunthu tikudikira, ana akugona ndi majuzi. Kudikirako kumapweteka, ndipo sindingauze mayi amene mwana wake akutsokomola usiku kuti angopirira. Ndingomuuza kuti alembetse lero, ndipo podikirapo achite zing'onozing'ono zimene nditchule kutsogoloku.

Mbiri ya zaka zapitazi ndi imene imandilimbitsa mtima pa makhonsolo. Mu September 2020 boma linayambitsa Green Homes Grant, yopereka makuponi a ndalama zofika £5,000 kwa eni nyumba, kapena £10,000 kwa opeza zochepa, kuti adzipezere okha amisiri. Cholinga chinali nyumba 600,000. Ndondomekoyo inatsekedwa pa 31 March 2021, patangotha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nyumba zimene zinathandizidwa zinali pafupifupi 47,500. Amisiri ankachedwa kulipidwa, anthu ankasowa owagwirira ntchito. Gawo la ndalamazo limene linadzera m'makhonsolo, lotchedwa Local Authority Delivery, ndi limene linapitirira, kenako kunabwera Home Upgrade Grant ya nyumba zopanda gasi wa m'mapaipi, yomwe inatha mu March 2025. Kalekale ndithu, pakati pa 2007 ndi 2010, khonsolo ya Kirklees ku West Yorkshire inayenda khomo ndi khomo ikupereka insulation yaulere ya kudenga ndi m'makoma kwa aliyense, osafunsa za malipiro, ndipo nyumba zoposa 50,000 zinapindula. Khonsolo imadziwa misewu yake. Imadziwa kuti nyumba za mzere wakutiwakuti zinamangidwa chaka chimodzi, ndi njerwa zofanana, ndipo vuto lake ndi limodzi. Amisiri akamanga masikafodi pamsewu umodzi n'kugwira nyumba khumi motsatizana, mtengo umatsika ndipo woyang'anira amaona zonse ulendo umodzi.

Njira ya makampani ogulitsa magetsi ndi gasi

Iyi ndi imene anthu ambiri anaidziwa, chifukwa ndi imene inkabwera yokha pakhomo. Dzina lake ndi Energy Company Obligation, ndipo gawo lake lachinayi, ECO4, linayamba mu April 2022 ndi ndalama zokwana £4 biliyoni. Lamulo linkakakamiza makampani akuluakulu kuti alipirire ntchito yofunditsa nyumba za opeza zochepa, bungwe la Ofgem likuyang'anira. Ndalamazo sizinkachokera ku misonkho. Makampani ankazitolera pa mabilu a anthu onse. Makhonsolo analinso ndi dzanja mmenemo kudzera mu ECO4 Flex: khonsolo inkatha kuvomereza banja lopeza zosapitirira £31,000 pachaka, kapena lokhala ndi munthu amene matenda ake amakula ndi kuzizira, monga a mtima ndi a m'mapapo, ngakhale banjalo lisakulandira thandizo lililonse la boma. Pambali pake panali Great British Insulation Scheme ya £1 biliyoni, yomwe inkapereka chinthu chimodzi chokha pa nyumba, n'kumalolanso mabanja opezako bwino malinga nyumba yawo ili m'magulu A mpaka D a msonkho wa khonsolo. Imeneyi inakonzedwa kuti ithe mu March 2026.

Ubwino wa njirayi unali liwiro. Nthawi zina inkathandizanso pa boila yowonongeka, chinthu chimene ndalama za khonsolo sizichita. Mabanja ambiri anafunda nayo, ndipo zimenezo sindingazikane.

Koma pali kusamvetsetsana kumene kwapweteka anthu. Munthu akagogoda n'kunena kuti "tikugwira ntchito ndi khonsolo yanu", ambiri ankaganiza kuti khonsoloyo ndi imene yamutuma. Pa ECO4 Flex khonsolo inkangosaina kuti banja lanu ndi loyenerera. Siinkasankha mmisiri, siinkayang'anira ntchito, ndipo mgwirizano unali pakati pa inu ndi kampani yoika zinthuzo. Kampaniyo inkalipidwa potengera kuchuluka kwa ndalama zimene mapepala akuonetsa kuti mudzapulumutsa pa bilu. Choncho chidwi chake chinali pa ntchito imene imakweza manambala msanga, osati kwenikweni pa chimene khoma lanu lingapirire.

Zotsatira zake zinaonekera poyera. Mu January 2025 boma linaimitsa makampani 39 kuika insulation ya makoma opanda mpata m'ndondomeko zake. Mu October chaka chomwecho, National Audit Office, ofesi yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, inatulutsa lipoti lonena kuti 98 peresenti ya nyumba zimene zinamatidwa insulation kunja kwa khoma pansi pa ECO4 ndi Great British Insulation Scheme, nyumba pakati pa 22,000 ndi 23,000, zinali ndi zolakwika zazikulu zofunika kukonzedwa. Pa zimene zinaikidwa insulation m'kati mwa khoma, zinali 29 peresenti. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khoma lopakidwa bwino kunja likhoza kukhala likumwa madzi a mvula pamene pakumana denga ndi insulation, mwini wake osadziwa mpaka nguwi itatulukira kuchipinda. Boma linanena kuti eni nyumba sayenera kulipira pokonza zolakwikazo. Ngati nyumba yanu inagwiridwa ntchito yotereyi, fufuzani mapepala a galanti, chifukwa insulation ya makoma imayenera kukhala ndi galanti ya zaka 25.

Mu bajeti ya November 2025, nduna ya zachuma Rachel Reeves inalengeza kuti ndondomeko ya ECO ithetsedwa ndipo ndalama zake zichotsedwa pa mabilu. Ndiye njira imeneyi ili kumapeto. Wina akakuimbirani foni lero kuti ali ndi "malo omaliza" ndipo musaine msanga, dekhani. Imbirani khonsolo yanu pa nambala imene mwaipeza nokha, mufunse ngati ikuidziwa kampaniyo, ndipo muone ngati dzina lake lili m'kaundula wa TrustMark, wa amisiri ovomerezeka kugwira ntchito za ndondomeko za boma. Ngakhale likhalemo, musagone tulo: makampani a ntchito zolakwika zija nawonso anali ndi ziphaso. Ntchito za khonsolo zimatsatanso malamulo omwewo, choncho nazonso zimafuna diso lanu.

Za chinyezi, pang'ono chabe

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani iyi imakhudza njira iliyonse imene mungasankhe. Banja limatulutsa nthunzi yambiri tsiku lililonse: pophika, posamba, poyanika zovala m'nyumba, ngakhale popuma. M'nyumba yakale yolowa mphepo, nthunziyo imatuluka yokha kudzera m'ming'alu. Mukatseka ming'aluyo ndi kuika insulation, nthunzi imasowa kolowera ndipo imakasanduka madzi pamalo ozizira kwambiri amene atsala: m'makona, m'mbali mwa mawindo, kuseri kwa wadiropu. Pamenepo ndi pamene nguwi imamera. Nguwi si nkhani ya kuoneka bwino kwa khoma yokha. Mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale mu December 2020 chifukwa chopuma mpweya wa nguwi kwa nthawi yaitali m'nyumba imene banja lake linkachita lendi, ndipo lamulo lokakamiza eni nyumba za mabungwe ndi za makhonsolo kukonza chinyezi msanga linatchedwa ndi dzina lake.

Ndiye aliyense amene akufuna kukuikirani insulation mumufunse mafunso awiri: kodi chinyezi chimene chilipo kale muchikonza musanayambe, nanga mpweya uzituluka bwanji mukamaliza? Akazengereza kuyankha, kapena akati mafani a kubafa ndi kukhitchini ndi osafunika, mutsanzikeni. Chenjeraninso ndi thovu lopopera kunsi kwa denga limene ena amatsatsa. Limabisa matabwa a denga kotero kuti oyeza nyumba sangaone ngati akuwola, ndipo mabanki ena amakana kupereka ngongole ya nyumba zotere. Anthu avutika kugulitsa nyumba zawo chifukwa cha ilo.

Njira ya heat pump ndi £7,500

Boiler Upgrade Scheme ndi ya boma lalikulu, siidzera kukhonsolo, ndipo siifunsa kuti mumapeza ndalama zingati. Inayamba mu 2022 ikupereka £5,000 pa heat pump yotenga kutentha mumpweya, ndipo mu October 2023 ndalamazo zinakwera kufika pa £7,500. Imagwira ntchito ku England ndi ku Wales. Inu mumapeza mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MCS, chosonyeza kuti ndi wovomerezeka kuika makina oterewa, iye ndi amene amakupempherani ndalamazo ku Ofgem, n'kuzichotsera pa mtengo wa ntchito. Zotsalazo mumalipira nokha, ndipo popeza mtengo wonse kawirikawiri umapitirira £10,000, konzekerani mapaundi masauzande angapo, makamaka ngati maradiyeta anu ayenera kusinthidwa kapena ngati pakufunika thanki ya madzi otentha. Simungaphatikize ndalamazi ndi zina za boma pa makina omwewo.

Apa ndi pamene ndimaona anthu akulakwitsa masamu. Heat pump siwotcha kanthu. Imakoka kutentha kwa panja n'kukulowetsa m'nyumba, monga firiji imene ikugwira ntchito chobwerera. Pa yuniti imodzi ya magetsi imapereka mayuniti pafupifupi atatu a kutentha, nthawi zina kupitirira. Boila yamakono ya gasi imapereka kutentha kosafika pa yuniti imodzi pa yuniti iliyonse ya gasi, pafupifupi magawo 9 mwa 10. Mukaona pamenepo mungati heat pump yapambana kutali. Koma ku Britain yuniti ya magetsi imadula pafupifupi kanayi kuposa ya gasi. Mukagawa kanayi ndi katatu mupeza kuti heat pump yongogwira ntchito mwapakatikati ikhoza kukudyerani ndalama zofanana ndi za gasi, mwinanso kuposerapo pang'ono. Kuti bilu itsike pamafunika makina oikidwa mwaluso, madzi oyenda m'maradiyeta asamatenthe kwambiri, nyumba isamataye kutentha, ndiponso mtengo wa magetsi wa usiku kapena wa eni heat pump. Kwa amene akutenthetsa nyumba ndi mahita a magetsi wamba, nkhani ndi ina: kwa iwo kutentha komweko kumadya gawo limodzi mwa atatu a magetsi, ndipo kusiyana kwake kumaoneka mwezi woyamba.

Kuyambira May 2024, boma linachotsa lamulo loti muyambe mwaika insulation ya kudenga ndi m'makoma musanalandire £7,500 ija. Lamulo linachoka, koma nyumba yodontha kutentha ikudonthabe. Ine ndingayambe ndi denga ndi makoma, kenako n'kuyezetsa kukula kwa makina. Mukayamba ndi makina mudzagula aakulu kuposa amene nyumbayo idzafune ikafunda.

Njirayi ndi ya munthu amene ali ndi nyumba yake, ali ndi kangachepe kubanki, ndipo boila yake yakalamba. Ngati mukuyenerera thandizo la khonsolo, musathamangire kuno, chifukwa kumeneko heat pump yomweyo ikhoza kubwera popanda kulipira kanthu, pamodzi ndi insulation yake.

Ngongole, kugula pagulu, ndi manja anu

Pali gulu lalikulu la anthu amene ali pakati: amapeza zoposa £36,000, koma ndalama zikatha pa ngongole ya nyumba, chakudya ndi ana, palibe chotsala choika pakhoma. Kwa amenewa makhonsolo ena ali ndi ngongole za chiwongoladzanja chotsika zokonzera nyumba, ndipo zina zimabwezedwa nyumbayo ikadzagulitsidwa. Kumwera chakumadzulo kwa England makhonsolo angapo amabwereketsa kudzera ku bungwe la Lendology. Musanasaine, yerekezani ndalama zimene muzibweza pachaka ndi zimene muzipulumutsa pa bilu. Ndondomeko ya Green Deal, yomwe inayamba mu 2013 n'kusiya kulandira ndalama za boma mu 2015, inagwa pa mfundo yomweyi: chiwongoladzanja chinali pa 7 peresenti kapena kuposerapo, ndipo mabanja pafupifupi 14,000 okha ndi amene anatenga ngongoleyo.

Pa masola, makhonsolo ambiri amalowa m'ndondomeko yotchedwa Solar Together. Palibe ndalama zaulere pamenepo. Khonsolo imasonkhanitsa mayina a ofuna masola, makampani osankhidwa kale amapikisana pa mtengo, ndipo inu mumalandira mtengo wanu n'kusankha kuvomera kapena kukana. Ndi bwino kufunsanso mitengo kwa amisiri ena awiri kuti muyerekeze. Masola amatsitsa bilu ya magetsi, ndipo otsala mukhoza kugulitsa kudzera mu Smart Export Guarantee, yomwe inayamba mu January 2020. Koma sadzafunditsa chipinda cha ana mu January, pamene dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo.

Olipira okha akumbukire kuti kuyambira April 2022 mpaka kumapeto kwa March 2027, msonkho wa VAT pa kuikitsa insulation, masola ndi heat pump uli pa ziro. Izi zimagwira ntchito mmisiri akakuikirani, osati mukagula nokha zipangizozo m'sitolo.

Tsopano zing'onozing'ono zimene ndinalonjeza. Insulation ya kudenga ndi imodzi mwa zinthu zimene zimabweza ndalama zake msanga, ndipo ngati kudenga kwanu n'kofikirika, n'kouma, munthu wosamala akhoza kuyala yekha Loweruka limodzi, atavala magolovesi ndi chotseka pakamwa, akuponda pa matabwa okha ndi kusiya mpata wa mpweya m'mphepete mwa denga. Timalamba tomata m'mbali mwa zitseko ndi mawindo, kabulashi kotseka pansi pa chitseko chakunja, chovala cha thanki ya madzi otentha, makatani olemera: zonsezi sizifuna fomu. Ngati muli ndi boila ya combi, ija yotenthetsa madzi nthawi yomweyo popanda thanki, kutsitsa kutentha kwa madzi opita kumaradiyeta kufika pa madigiri 60 kumachepetsa gasi popanda kugula kanthu. Usiku woyamba titamata chitseko chakumaso, ndinaika dzanja pansi pake monga ndinkachitira kale, ndipo kamphepo kamene kankaluma zala kanali kulibe. Zinali zazing'ono, koma zinatithandiza kudikira. Musangotsitsa kutentha mpaka kudwala. Madigiri 18 ndiwo muyezo umene a zaumoyo amalimbikitsa kuti zipinda zokhalamo zisatsike kupitirira pamenepo, makamaka ngati muli okalamba kapena odwala.

Ngati nyumba si yanu

Wochita lendi kwa munthu wamba akhoza kulembetsa ku Warm Homes: Local Grant, ndipo ndalama zimene zimawerengedwa ndi zake, osati za landilodi. Koma landilodi ayenera kuvomera. Nyumba yake yoyamba imalipiridwa yonse, ndipo pa nyumba zina zotsatira amaikapo theka la mtengo. Polankhula naye, yambani ndi mfundo imeneyi, chifukwa ambiri amakana poganiza kuti alipira zambiri. Mukumbutseninso mwaulemu kuti kuyambira April 2020 n'zoletsedwa kuchititsa lendi nyumba yosafika pa E popanda chilolezo chapadera, ndipo boma lanena kuti likufuna nyumba za lendi zifike pa C pofika 2030. Kwa iye ndi mwayi wokonza lero ndi ndalama za boma chimene mawa adzakonze ndi zake. Ndikudziwa kuti wa lendi amaopa kuti nyumba ikakongola lendi ikwera, kapena auzidwa kuti asamuke. Manthawa ndi omveka. Funsani khonsolo kuti landilodi amasainira zotani pa nkhani ya lendi asanalandire thandizolo, ndipo musunge kope la zimene mwalemberana.

Amene akukhala m'nyumba za khonsolo kapena za mabungwe a nyumba salembetsa okha. Mwini nyumbayo ndi amene amapempha ndalama ku thumba lina la boma, ndipo inu mumangomukumbutsa ndi kumuuza za chinyezi mwa kalata. Okhala m'mafulati ogula amafunika chilolezo cha mwini nyumba yonseyo, ndipo nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo zimafuna chilolezo cha khonsolo musanasinthe maonekedwe a khoma.

Ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland mayina ndi malamulo ndi ena. Ku Scotland yambirani ku Home Energy Scotland, amene amalozera ku Warmer Homes Scotland ndi ku ndondomeko za makhonsolo za madera. Ku Wales kuli Nest, ndipo ku Northern Ireland kuli Affordable Warmth Scheme.

Ndikanakhala inu

Banja lopeza zosapitirira £36,000, kapena lokhala m'positikodi yoyenerera, m'nyumba ya D kutsika: pitani kukhonsolo, ndipo musasaine ndi wina aliyense wogogoda pakhomo pamene mukudikira. Chifukwa china n'chakuti mukalola ntchito yapatalipatali imene ingakweze EPC yanu kufika pa C, mwadzitsekera nokha khomo la thandizo lalikulu lija. Safunsa anadya phula, choncho musanalole chilichonse chachikulu, imbirani khonsolo mufunse ngati sichikuchotsani pamndandanda.

Ngati nyumba yanu ili ndi khoma la njerwa lopanda mpata, njira ya khonsolo ndi yofunika koposa, chifukwa insulation ya khoma lotere ndi yodula kwambiri ndipo ndi imene yalakwika kwambiri m'zaka zapitazi. Pemphani kuona pulani yolembedwa, mudziwe dzina la wogwirizanitsa ntchito, ndipo masikafodi asanachotsedwe mujambule zithunzi za pamene insulation yakumana ndi denga, mawindo ndi mapaipi. Ngati khoma lanu lili ndi mpata wosadzazidwa ndipo simukuyenerera thandizo, kudzaza mpatawo ndi kuwonjezera za kudenga ndi ndalama zanu kudzakupindulirani msanga kuposa masola kapena mawindo atsopano, malinga khomalo silimenyedwa kwambiri ndi mvula ya mphepo, chinthu chimene woyeza ayenera kuona. Heat pump ibwere pambuyo pake, boila ikayamba kutopa.

Kwathu, amisiri atamaliza anatisiyira fani ya kubafa imene imazungulira pang'onopang'ono usana ndi usiku. Sabata yoyamba ndinaizimitsa poganiza kuti ikudya magetsi, ndipo m'mawa wachitatu mawindo a kuchipinda cha ana anali atalengeza madzi mpaka pansi. Ndinaiyatsanso, ndinasiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa wadiropu ndi khoma, ndipo mwezi uliwonse ndimalowetsa tochi kuseriko kuona ngati timadontho takuda tija tabweranso. Mpaka pano khomalo ndi louma.